Zimene madokotala atiuza pa khansa ya impso ya bambo athu

Ndinafunsa ngati n'zotheka kuchita opaleshoni pamene khansa ya impso yafalikira ku fupa la pakati pa chifuwa, monga zachitikira bambo athu, ndipo tsopano ndili ndi yankho lochokera kwa madokotala a ku chipatala cha Queen Elizabeth kuno ku Blantyre.

Atawajambula ndi makina a CT, anapeza kuti m'mapapo mulibe chotupa, ndipo anati zimenezi n'zofunika kwambiri chifukwa opaleshoni imathandiza makamaka pamene khansayo yafalikira ku malo amodzi okha. Akufuna kuchotsa impso yodwalayo pamodzi ndi mbali ya fupa imene yadyeka, kenako kutseka malowo ndi nsalu yolimba yachipatala kapena timapale ta chitsulo cholimba chotchedwa titanium, kuti mtima ukhale wotetezeka komanso bambo azipuma bwino.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi magazi. Chotupa chochokera ku impso chimakhala ndi mitsempha yambiri moti chimataya magazi ochuluka chikamadulidwa, n'chifukwa chake abale tayamba kale kupereka magazi. Madokotala anafotokozanso kuti khansa imeneyi simva kwenikweni mankhwala a chemotherapy, koma mapiritsi monga sunitinib amatha kuichedwetsa kukula.