Basement yanyowa, alandilodi akuti vuto ndi ife: udindo ndi wa ndani kuno ku England?

Wofunsa: Akuluakulu, thandizeni maganizo. Ndi fulati ya basement (ya pansi penipeni pa nyumba, yolowa m'nthaka) ku Luton, ya landilodi wamba, osati ya khonsolo. Khoma la kuchipinda chogona lanyowa kuchokera pansi mpaka m'mawondo, penti ikusendeka, kuseri kwa wadiropu kwada bii ndi nkhungu. Alandilodi akuti ndi chifukwa choyanika zovala m'nyumba, tizingotsegula mawindo. Muli mwana wa mphumu. Lamulo likuti chiyani? Tisiye kaye kulipira lendi?

Mmisiri wa zomanga: Mayi, yambani mwadziwa komwe madziwo akuchokera, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepo. Pukutani khomalo, matani foil wa kukhitchini, masentimita 30 mbali zonse, mutseke m'mphepete monse ndi tepi. Siyani masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa foil, ndi mpweya wonyowa wa m'nyumba womwe ukuundana pakhoma lozizira. Kukanyowa kuseri kwake, madzi akuchokera m'khoma. Momwe mwafotokozeramu, kunyowa koyambira pansi, makamaka ngati pali mzere wa timchere toyera, si za zovala ayi. Khoma la basement limagundana ndi dothi, ndiye gutter (kangalande kolandira madzi m'mphepete mwa denga) ikatsekeka kapena paipi yotsitsa madzi a padenga ikang'aluka, madzi onse amathera pomwepo. Tulukani mvula ikugwa mukaone, mujambule.

Mlangizi wa za nyumba: Malamulo ndi awiri. Gawo 11 la Landlord and Tenant Act 1985 limati landilodi akonze makoma, denga, ngalande, ma gutter, mapaipi akunja ndi zotenthetsera nyumba. Homes (Fitness for Human Habitation) Act 2018 imawonjezera kuti nyumba ikhale yoyenera kukhalamo munthu nthawi yonse ya lendi, ndipo chinyontho chili m'gulu la zomwe khoti limayang'ana. Choncho ngakhale foil ataonetsa kuti ndi mpweya wonyowa, alandilodi sanapulumuke: ngati kubafa kulibe fani yotulutsa nthunzi kapena hita siikugwira, ndi zawo. Udindo wawo umayamba akadziwitsidwa, ndiye za pafoni zisiyeni. Lembani imelo, ikani zithunzi ndi madeti, tchulani mphumu ya mwanayo, apatseni masiku oti ayankhe. Akapereka notisi ya maola 24, aloleni alowe adzaone.

Lendi musasiye. Mukasiya, ngongoleyo ndi yomwe adzakutulutsireni nayo, nkhani ya nkhungu n'kuiwalika.

Wina wa ku Leeds: Nanga si kuli Awaab's Law, yoti landilodi afufuze za chinyontho ndi nkhungu pasanathe masiku 10 ogwira ntchito?

Mlangizi wa za nyumba: Ilipo, idadza kaamba ka Awaab Ishak, mwana wa zaka ziwiri amene adamwalira ku Rochdale mu 2020 chifukwa cha nkhungu. Koma pomwe idayamba kugwira ntchito pa 27 October 2025, idayambira nyumba za khonsolo ndi za ma housing association (mabungwe obwereketsa nyumba pa lendi yotsika). Amayiwa njira yawo ndi ofesi ya environmental health (yoona za umoyo ndi ukhondo wa malo) ku khonsolo. Amabwera kudzayendera pansi pa Housing Act 2004, ndipo akapeza chiopsezo chachikulu atha kupereka improvement notice, chikalata cholamula landilodi kuti akonze. Mabungwe olangiza anthu a Shelter ndi Citizens Advice amathandiza kulemba makalata kwaulere.

Mmisiri wa zomanga: Chenjerani ndi kukonza kwa chiphamaso. Kupaka penti pamwamba pa nkhungu, pakangotha miyezi ingapo yabwereranso. Alandilodi ayambe akonza za kunja. Madzi akapitirira, basement imafuna tanking (kumata khoma ndi zotchinga madzi), apo ayi pulasitiki wa timabampu wokhomedwa kukhoma wotsitsira madzi mu kangalande kopita ku pampu. Pulasitala wodya mchere amagumulidwa, samatidwa. Inu podikira, sunthani wadiropu italikirane ndi khoma ngati masentimita 10, mugule ka hygrometer (kachipangizo koyezera chinyontho cha mumpweya), muzilemba manambala m'mawa ndi madzulo. Akamakhala pamwamba pa 70% tsiku ndi tsiku, aikeni mu imelo ija. Bedi la mwanayo lichoke kuchipindako lero.