Kodi nyumba ingathetse tsankho?

Nachisale88:
Abale, ndithandizeni maganizo. Chaka chatha ndinakalowa mu Apartheid Museum, nyumba yosungiramo mbiri ya ulamuliro wa tsankho wa ku South Africa, ku Johannesburg. Tikiti amangokupatsa yomwe yagwera, ina yolembedwa kuti ndiwe mzungu, ina kuti sindiwe mzungu, ndipo makomo ndi awiri. Yanga inati mzungu, ya mkulu wanga ayi. Tinasiyana pakhomo pomwepo, n'kumasuzumirana m'mipata ya zitsulo ngati nkhuku za m'makola awiri. Ndinaseka, koma mtima unandiwawa zedi. Titatuluka, kunja zinthu zili chikhalire. Ndiye nyumba zoterezi zimasinthadi kanthu, kapena n'zongokopera alendo a makamera?

Mmisiri_wa_mapulani:
Achemwali, chomwe chinakuwawanicho ndiye ntchito yake. Anakuphunzitsani ndi khomo, osati chikwangwani. Ku Washington kuli nyumba ya mbiri ya anthu akuda a ku America yomwe inatsegulidwa mu 2016, ndipo pulani yake anatsogolera ndi David Adjaye. Ukalowa, chikepe chimakutsitsa pansi pa nthaka, kumdima, komwe kuli nkhani ya ukapolo. Kenako umakwera pang'onopang'ono mpaka kumtunda kowala, kuli nyimbo ndi zaluso. Miyendo imamva mbiriyo mutu usanaimve. Zitsulo zokutira kunja anatengera luso la akapolo osula zitsulo a ku Charleston ndi New Orleans. Kulowa n'kwaulere.

Gogo_Phiri:
Ine ndikayika, ana inu. Red Location Museum, nyumba ina ya mbiri ya tsankho ku Gqeberha (kale Port Elizabeth) ku South Africa konko, inalandira mphoto zakunja, koma mu 2013 anthu okhala pomwepo anaitseka okha. Dandaulo lawo linali loti mbiri yamangiridwa chinyumba cha ndalama zambiri pamene iwo akugona m'nyumba zodontha. Munthu wanyowa usiku wonse, m'mawa mukamuonetse zithunzi?

Nachisale88:
Agogo, pamenepo mwandigwira pakamwa. Komabe pali imodzi yomwe sindiiiwala, khoti la malamulo aakulu a dziko pa Constitution Hill ku Johannesburg. Analimanga pamalo pa ndende yakale, ndipo njerwa zina za m'chipinda choweruziramo anazigumula kundendeko. Muli kawindo kakatali m'mbali, kolingana ndi msewu wakunja, moti oweruza amangoona miyendo ya odutsa. Sadziwa kuti ndi ndani, wolemera kapena wosauka. Ndinakhala pampando nthawi ndithu, n'kumangowerenga nsapato.

Gogo_Phiri:
Nsapatozo zinali zofanana?

Nachisale88:
Ayi agogo, zina zinali zong'ambika.