Akangoimirira mtima ukuthamanga koma BP ili bwinobwino

CO (clinical officer) wa ku health centre: Anzanga ndigawireni nzeru. Ndili ndi amayi a zaka 24, aphunzitsi, aka nkachitatu kubwera, akuti akaima pa bolodi mtima umagunda kwambiri, chizungulire, maso kuchita mdima mpaka kukhala pansi ana akuona. MRDT (kuyeza malungo) negative, Hb (mlingo wa magazi) 12.8, si oyembekezera. Ena anawalembera kuti ndi nkhawa chabe koma ine mtima sukukhazikika, amayiwa akuvutikadi ndipo akuti zinayamba miyezi 5 yapitayo atangochira COVID.

Sister wa OPD: Achimwene palusi (kugunda kwa mtima) munayeza atakhala pampando pokha eti? Agone kaye mphindi 10 muyeze palusi ndi BP, kenako aime osasuntha muziyeza mpaka mphindi 10 zikwane, inu muime pambali pawo angagwe.

CO wa ku health centre: Asisi ndachita. Atagona palusi 76, ataima yafika 121 osatsikanso, BP 112/70 kenako 110/74.

Dokotala wa medical ward: Zikufanana kwambiri ndi POTS, vuto loti mtima umathamanga kwambiri munthu akaimirira koma BP osatsika. Palusi ikakwera ndi 30 kapena kuposa mkati mwa mphindi 10 (achinyamata a zaka 12 mpaka 19 timawerenga 40) pomwe BP yapamwamba sinatsike ndi 20, vuto litadutsa miyezi 3, ndi imeneyo. Komabe atumizeni ku district akachite ECG (kuyeza mtima ndi makina) ndi kuyeza thyroid (chithokomiro), mufunsenso ngati akumwa amitriptyline kapena kupopera salbutamol chifukwa izi nazonso zimathamangitsa mtima. Musathamangire mapiritsi, yambani ndi madzi malita 2 mpaka 3 patsiku ndi mchere woonjezera mu ndiwo poti BP yawo sinakwere, masiku otentha Thanzi ORS amathandiza. Propranolol (mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa mtima) wochepa, 10mg, abwere zinazi zikakanika, ndipo ngati ali ndi asima ayi ndithu.

Fizio: Chonde musawauze kuti azingogona, zimaipiraipira. Ayambe mafizo chogona, kukweza miyendo, kupalasa m'mwamba ngati njinga, pang'onopang'ono kwa miyezi. Masokosi othina ofika mchiuno ndi odula komanso kutenthaku anthu amavula, olo chitenje kumanga bwino pamimba chimathandizako. Kumutu kwa bedi aike njerwa pansi kuti kukwere.

CO wa ku health centre: Zikomo akuluakulu. Referral ndalemba, ndalembanso kalata kwa ahedi kuti aziphunzitsa atakhala pampando komanso asamaime nthawi ya assembly. Abweranso pakatha masabata awiri ndidzayezenso.