Za mauthenga ochedwa aja, vuto lapezeka

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake pulogalamu ya kuofesi kwathu ku Area 3 imatumiza mauthenga msanga pakati pa makompyuta a Linux, koma opita ku kompyuta yakale ya Windows 7 amayenda ngati bilimankhwe. Ambiri munakayikira chingwe kapena switch, kabokosi kolumikiza makompyuta pa netiweki. Ndinayesa ndi iperf3, pulogalamu yoyezera liwiro la netiweki, ndipo liwiro linali bwinobwino mbali zonse.

Lolemba anzanga ataweruka ndinatsala ndekha ndi Wireshark, pulogalamu yoonetsa mapaketi (tizidutswa ta uthenga) akamayenda pa netiweki. Kapaketi kamatuluka, kenako zii pafupifupi 200 ms (mamilisekondi 200), kenako kena. Kudikirako kunali kofanana nthawi zonse, ndiye ndinadziwa kuti makina awiriwa akudikirana. Nagle algorithm, njira yochepetsera timapaketi mu TCP (dongosolo lotumizirana mauthenga pa netiweki), imagwira timauthenga ting'onoting'ono mpaka ACK (yankho lotsimikiza kuti zalandiridwa) ya zomwe zinatsogola ifike, pomwe Windows 7 imachedwetsa dala ACK imeneyo mpaka 200 ms. Linux nayo imachedwetsa, koma kawirikawiri ndi 40 ms, n'chifukwa chake kumeneko sitinkadandaula kwenikweni.

Ndaika TCP_NODELAY, yomwe imazimitsa Nagle algorithm, pa socket (khomo la pulogalamu lolowera pa netiweki) yotumizira, kuchedwa kwatheratu. Komabe mtima sunakhazikike, chifukwa code yathu imatumiza header (kamutu kofotokoza za uthengawo) payokha, uthenga paokha, ndiye uthengawo ndi umene unkadikira ACK ya header. Mawa ndiziphatikiza zizipita pa write imodzi, kutanthauza kutumiza kamodzi. Zikomo achimwene amene munandiuza kuti ndiyang'ane mpata wa nthawi pakati pa mapaketi.