Alonda a usiku ku NCD: sikelo ikungokwera, BP osatsika

Nachisale: Anzanga ndithandizeni nzeru ndatopa. Ku kiliniki yathu ya NCD (matenda osapatsirana monga BP ndi shuga) ndili ndi azibambo angapo alonda a usiku, nkhani yawo ndi imodzimodzi. Amene ndawaona lero zaka 46, awonjezera 6 kg kuchokera mu March, BMI (muyeso wa kulemera poyerekeza ndi msinkhu) yadutsa 30 kusonyeza kunenepa kwambiri, BP 158/98 chonsecho ali pa mankhwala a BP, HCTZ ndi amlodipine, ndipo akumwa, mapilisi otsala ndawerenga ndekha. Za mchere ndi mafuta ndalankhula mpaka mawu kusasa. Ndawafunsa za tulo akuti amaweruka 6 m'mawa ku Kanengo, kupalasa njinga mpaka ku Area 25, kugona mwina maola atatu basi chifukwa nyumba ya malata October uno simungagonemo, ana apaneba phokoso, masana akagwirenso ganyu. Ndiye ndiwauze chani? Azigona maola 7 usiku? Usiku wake uti? Inu anthu a shifiti mumatani nawo?

Bambo Gondwe: Sista nkhani ili m'mbale. Afunseni amadya mitanda ingati ya nsima. Tulo sitinenepetsa munthu, chimanenepetsa ndi chimene walowetsa m'kamwa.

Mai a Tadala: Bambo Gondwe zoona chimalowa m'kamwa, koma chimene chimamutuma munthu kuti adye ndi chani? Ukagona pang'ono ghrelin (homoni ya njala) amakwera leptin (homoni ya kukhuta) amatsika, njala imakhala yosatha ndipo sulakalaka masamba ayi, umafuna zotsekemera ndi zamafuta. Ine ndine mboni. Ndili ku labour ward ndinkagwira ma night otsatizana, 2 koloko usiku tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi, poweruka chipisi cha pachiwaya, yunifolomu ndinasoketsa ina pasanathe chaka. Nsima kunyumba sindinawonjezere ndi mtanda umodzi womwe. Nditabwerera ku OPD njala ya usiku ija inatha yokha.

Bambo Gondwe: Ndiye mwavomera nokha amayi, mandasi ndi chipisi. Mbale.

Chisomo CO (clinical officer): Sista musanapite patali, HCTZ yo akumwa nthawi yanji? Ife timangolemba od (kamodzi patsiku) m'mawa mwachizolowezi, koma m'mawa wa mlonda ndi nthawi yake yogona. Akamwa 7 koloko kenako nkugona, adzuka kangapo kukataya madzi poti HCTZ imakodzetsa, maola atatu aja adukanso pakati. Ine ndimawauza azimwa akadzuka masana, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo ndimalemba mu health passport kuti wina asadzabwezere m'mawa. China, onani ngati ali pa 13A, ma ARV okhala ndi DTG (dolutegravir). DTG ena imawanenepetsa, ena imawasowetsa tulo. Koma chonde musawauze kuti mankhwala ndi amene akukunenepetsani, mawa lake asiya kumwa, kambiranani kaye ndi a ku ART.

Nachisale: Ii za nthawi ya HCTZ sindinafunse nkomwe achimwene. Sali pa ART amenewa koma mwa enawo alipo awiri.

Sista Nabanda: Komanso mukuwayeza bwanji? Munthu wachezera usiku wonse, wapalasa njinga, wamwa enaje kapena khofi m'bandakucha kuti asagwidwe akusinza, nkufikira pa benchi inu cuff (lamba woyezera BP) pamkono pompo. Nambala imeneyo si yake. Akhale pansi mphindi 5 kaye, asakhale atamwa khofi kapena kusuta mu mphindi 30 zapitazo, muyeze kawiri. Ndipo mkono ukakula cuff yaing'ono imanamiza, imakweza nambala. Kwathu tinatsala pang'ono kumuwonjezera dose mayi wina wa mkono waukulu, titabwereka cuff yaikulu nambala inatsika bwinobwino. Ngati nkotheka apatseni tsiku limene ali pa ofu.

Mai a Tadala: Ndiwonjezere chenjezo, musawapatse diazepam kapena piriton kuti azigona masana. Akabwera amapempha okha, ena amagula pa grosale. Pali bambo wina ankamwa piriton m'mawa uliwonse, madzulo akupita ku ntchito akadali ziii anagwa panjinga mu msewu wa M1, tinamusoka pachipumi. Enanso amati kachasu pang'ono kapena mowa ndiye amagona msanga, inde tulo timabwera msanga koma timadukaduka, BP nayo ikwera.

Bambo Gondwe: Zonsezi ndamva koma makolo athu kumudzi ankadzuka tambala woyamba kupita kumunda, ndani ananenepa? Ufa woyera, Sobo, mchere wowazanso pa ndiwo zothira kale. WHO imati mchere usafike 5 g patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, inu mukayang'ane m'nyumba mwa mlondayo. Adule nsima, adye mgaiwa, ayende mphindi 150 pa sabata, muona sikelo.

Chisomo CO: Bambo, makolo aja ankagona usiku, mumdima. Ndipo munthu wopalasa njinga Kanengo Area 25 tsiku ndi tsiku mphindi 150 anazidutsa kalekale. Nchifukwa chake Sista adabwa.

Bambo Gondwe: Ndiye kuti akudya zoposa zimene akupalasa.

Sista Nabanda: Sista Nachisale, akadzabwera auzeni adzabwere ndi akazi awo. Afunseni amayiwo ngati bambo amaliza nkonono kwambiri, ngati amasiya kupuma kenako nkudzidzimuka ngati akutsamwa. Khosi lalikulu, mimba yaikulu, BP yosamva mankhwala, mutu kuwawa podzuka, pamenepo ganizirani sleep apnoea (vuto losiya kupuma uli mtulo), muwatumize kwa dokotala m'malo momangowonjezera mapilisi. Shuga muyezenso, kusowa tulo kumasokoneza insulin, homoni yowongolera shuga m'thupi. Za kagonedwe ine ndimangowauza zotheka: chitenje chokhuthala pawindo kuti mukhale mdima, foni izime, agone kawiri, akangofika m'mawa ndiye kenako ola limodzi kapena awiri asananyamuke madzulo. Khofi ndi enaje zithere pakati pa usiku chifukwa caffeine pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali m'thupi. Chakudya chenicheni adye asanapite ku ntchito, usiku atenge mtedza, nthochi kapena mbatata yophika ndi botolo la madzi. Koma ganyu ya masanayo sindidziwa mungawaletse bwanji, malipiro a mlonda tonse tikuwadziwa.

Mai a Tadala: Mmm ndi zoona. Ifenso tikulangiza anthu pomwe rosta ya mwezi uno yandipatsa ma night asanu ndi awiri otsatizana chifukwa awiri ali pa tchuthi, ofu yake mwana akudwala. BP yanga ndinayeza komaliza chaka chatha.

Bambo Gondwe: Amayi kayezetseni mawa, musazengereze. Koma tiyi wa masupuni anayi uja musabwererenso.

Chisomo CO: Alipo amene ali ndi cuff yaikulu yapadera mbali ya Kawale kapena Biwi? Yathu chubu chinang'ambika sabata yatha, tikungomata ndi pulasitala.