Chigayo cha K12 miliyoni: tigule kapena tidikire?

Wapampando: Abale, anzathu a ku Joni atumiza K5 miliyoni. Kuphatikiza ndi za m'thumba, K12 miliyoni ya chigayo chamagetsi chija yakwana. Komiti yawerengera kuti tikachotsa za magetsi, malipiro a woyendetsa ndi zokonzetsera, chizitisiyira K4 miliyoni pachaka. Zaka 5 ndi K20 miliyoni, phindu K8 miliyoni.

Wa ku Joni: Gulani mawa lomwe. Amayi athu atopa kusenza chimanga mpaka ku Chitakale.

Achimwene a ku Limbe: A wapampando, K8 miliyoni imeneyo palibe. Mwaphatikiza ndalama ya lero ndi ya mtsogolo ngati n'zofanana. Kuntchito timagwiritsa ntchito net present value: ndalama iliyonse yobwera mtsogolo timaitsitsa ifike pa mphamvu yake ya lero, kenako n'kuchotsapo zomwe tagulira makinawo.

Achimwene a ku Limbe: Nditenge 26 peresenti, chiwongoladzanja chomwe Reserve Bank inaika mu February 2024. Ndiye kuti K1.26 ya chaka chamawa ikufanana ndi K1 ya lero, choncho chaka chilichonse chodikira tizigawa ndi 1.26. K4 miliyoni ya chaka choyamba lero ndi K3.17 miliyoni. Yachiwiri K2.52 miliyoni. Yachitatu yatsala theka, K2 miliyoni. Yachinayi K1.59 miliyoni, yachisanu K1.26 miliyoni. Zonse K10.54 miliyoni, ife titatulutsa K12 miliyoni. Taluza pafupifupi K1.5 miliyoni.

Aphunzitsi: Koma achimwene, mtengo wogayitsa ndowa suima malo amodzi zaka 5. Zinthu zikakwera nafe tikweza. Komanso mota tikhoza kudzagulitsa pamapeto.

Achimwene a ku Limbe: Apo mwanena zoona aphunzitsi, ziikidwe m'masamumo. Koma muikenso kuti sefa, mahamala ndi malamba zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinakwera sabata yomweyo, pomwe wogayitsa wa kumudzi simungamukwezere chomwecho, athawira kwina. Nanga masiku ozima magetsi? Nanga January ndi February nkhokwe zili mbee, tikudalira chimanga cholowa pa Muloza? K4 miliyoniyo inachokera pa ndowa zingati patsiku?

Amalume: Masamu tawamva. Ine ndikufunsa za malata a sukulu aja tinasonkha Freddy atadutsa mu 2023. Malisiti mpaka lero zii.

Mayi Msungichuma: Amalume, nkhaniyi ndinaifotokoza pamaso pa amfumu, inu simunabwere. Musandiipitsire dzina pagulu. Mukafuna, tengani buku musunge ndinu.

Amalume: Sindinatchule munthu. Mwadziyankha nokha.

Wa ku Joni: Ife tikukhetsa thukuta kuno inu mukukangana za malata? Ndalamazo zikakhala kubanki ndiye zikudyeka tsiku ndi tsiku.

Achimwene a ku Limbe: Sindikukana chigayo, mayi anga nawonso amasenza. Kuti masamu alingane, chiyenera kusiya K4.6 miliyoni pachaka. Tiwonjezere chokonolera tizigulitsa madeya kwa oweta nkhumba, kapena tinenerere mtengo utsike kufika K10.5 miliyoni. Ndipatseni pepala la mitengo ndi kaundula wa ndowa usiku uno ndiwerenge.

Achemwali a ku Luchenza: Funso langa, chimangidwa pamalo a ndani? Ndamva kuti ndi a mlamu wa munthu wina wa mukomiti.

Wapampando: Achemwali, zakumvaimva ayi chonde. Tikumana Loweruka kusukulu, 2 koloko.

Amalume: Buku la malata libwere.

Achimwene a ku Limbe: Pepala lija a wapampando, ndikudikirabe.