Holo yathu ingokhala yokhoma, tiyambire pati?

Mphunzitsi Wopuma:
Kuno kwathu kuli holo ya khonsolo. Imatsekulidwa pakakhala ukwati, chinkhoswe kapena kalembera wa chisankho, apo ayi ndi nyumba ya mileme. Chikhalirecho anyamata anga a zisudzo amaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, mvula ikangodontha aliyense wa kwawo. Ndikufuna tiipemphe masana, Lolemba mpaka Lachisanu: zisudzo ndi magule m'kati, bawo pakhonde. Ya lendi tilibe, ndisakunamizeni. Denga likudontha cha kusiteji, mawindo ena alibe magalasi. Amene munachitapo zotere, mumayamba kwa khansala kapena ku ofesi?

Nachisale wa Mandasi:
Aphunzitsi, khansala mumuone ndithu, koma za pakamwa musakhulupirire. Ife tinauzidwa kuti gwiritsani ntchito. Titatsuka, kupaka laimu, kukonza zimbudzi, tsiku lina tinangopeza anthu a mapemphero atamangamo kale zokuzira mawu, akuti iwo alipira. Pangani komiti, lembani kalata ku khonsolo, ndipo mgwirizano usainidwe. Mulembemo masiku anu, wosunga makiyi, ndi wogula mayunitsi a magetsi. Nkhani ya mayunitsiyi ndi imene imadanitsa anthu. Loweruka musalikhudze, ndi limene limawabweretsera ndalama.

Che Ajusa:
Ine nkhawa yanga ndi mbava. Achikulire mukukumbukira French Cultural Centre ku Blantyre, kumene tinkaonera magulu a zisudzo a Wakhumbata ya malemu Du Chisiza Jnr ndi Kwathu, Lamulungu masana anthu mpaka kusowa pokhala. Mu 2011 eni ake a ku France atachoka, malowo anakhala opanda anthu ndipo akuba anazula zimene akanatha kunyamula. Boma linawatenga, dzina n'kukhala Blantyre Cultural Centre, koma kukonzanso kwatenga zaka zambirimbiri. Ndiye pokalankhula ndi akhonsolo musapite ngati opemphetsa, bambo. Auzeni kuti holo yomwe muli anthu tsiku ndi tsiku sizulidwa mawaya. Mukuwalondera ulere.

Kamnyamata ka Ng'oma:
Zonsezo zili bwino madala, koma musatiikire komiti ya akuluakulu okhaokha, kenako muzidzati ng'oma zikusokosa. Komanso tsiku limene mudzayambe kulipiritsa pakhomo n'kumaika nyimbo za eni, dziwani kuti a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina za aluso, ali ndi gawo lawo.

Mphunzitsi Wopuma:
Zikomo nonse. Mayi Nachisale, za Loweruka ndamva, ngakhale ndidzapempha limodzi pa teremu loti ana aonetse sewero kwa makolo. Amayi a banki m'khonde avomera kumakumana momwemo Lachitatu n'kumaponyako kangachepe ka magetsi. Iwe wa ng'oma, ubwere ndi anzako awiri mu komiti, koma kukolopa kukhalanso kwanu. Amene ali ndi chitsanzo cha kalata ya mgwirizano anditumizire, ndikufuna ndikaitule sabata yamawa. Za dengalo sindinapezebe wondithandiza malata.